Mapaipi a mabuleki a Land Rover ya malume

Malume anga atamwalira, abale anagawana ng'ombe, malata ndi njinga. Ine anandilozera chigalimoto chomwe chinakhala zaka 9 pansi pa mtengo wa mapeyala ku Chibavi, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndikudziwa kuti m'mitima mwawo ankati andipusitsa. Ndi Land Rover Series III ya 1974, yaitali ija ya 109, ya injini ya petulo. Bodi yake ndi ya aluminiyamu, ndiye ukaiyang'ana kunja umati bola. Ukagwada n'kusuzumira kunsi komwe kuli chitsulo, m'pamene umaona zomwe mvula ya kuno ku Mzuzu ndi matope athu ofiirawa zimachita.

Ine si makaniko, ndine mphunzitsi. Galimotoyi ndakhala ndikuikonza Loweruka ndi pa holide. Za injini, mawaya ndi kuwotcherera chasisi ndidzakamba tsiku lina. Lero ndikambe za mapaipi a mabuleki, chifukwa ndi pomwe ndinalakwitsa kawiri, ndipo maulendo onse awiri chondipweteketsa chinali kumapeto kwa paipi, pa kamalo kosafika ndi chikhadabo chomwe.

Injini italira koyamba ndinasangalala ngati mwana. Ndinathira mafuta a mabuleki, n'kuponda pedulo, mafuta aja n'kuchucha pansi. Paipi yopita kumbuyo inali itadyeka ndi dzimbiri pomwe imapanidwa ndi kachitsulo koigwirizira ku chasisi. Pamalo otere matope amakanirira, sauma, ndipo paipi imaola kuchokera kunja. Mnyamata wina wokonza mafiriji m'tauni anati imeneyo si nkhani. Anadula paipi ya kopa ya m'mafiriji, kukula kwake kofanana ndithu ndi yakale ija, anatambasula milomo yake ndi kachida kake, anakulunga tepi yoyera ya mapulambala pa mazinga a nati, n'kumanga. Mabuleki anagwira. Ndinamulipira n'kumuonjezera ya fanta.

Patatha milungu 3 ndinkatsika kamtsetse ka kwathu kopita kudambo, pang'onopang'ono, ndili mu giya yachiwiri. Nditaponda buleki kuti ndikhote, phazi linangofika pansi fwaa, ngati ndaponda papaya lakupsa. Ndinapopa kawiri, palibe. Ndinakoka handibuleki, galimoto n'kukaima m'nthochi za aneba, itagwetsa zitatu. Amayi a pakhomopo anatuluka ndi mthiko m'manja. Nthochizo ndinalipira, ndipo mpaka lero ana a m'dera lathu amaitchula kuti galimoto ya nthochi.

Chomwe sindinkachidziwa n'chakuti yangayi ndi ya njira imodzi. Mafuta amachoka mu master cylinder, kapampu komwe pedulo imakankha, n'kugawikira ku matayala onse anayi kudzera m'mapaipi olumikizana. Pakangobooka pamodzi, mabuleki onse atha nthawi yomweyo. Magalimoto a masiku ano ali ndi njira ziwiri, ina ikafa ina imakugwirirako. Handibuleki ya Land Rover ndi yapayokha, ili kumbuyo kwa giyabokosi ndipo imagwira shafiti, n'chifukwa chake inandipulumutsa. Koma zinatheka poti ndinkayenda ngati bilimankhwe. Pa liwiro, kuikoka n'kuthyola zitsulo.

Mnzanga wina anandilozera kwa madala ena ku Luwinga, omwe ankakonza ma Land Rover aboma ku PVHO nthawi ya Kamuzu. Anapuma kalekale, maso ayamba kuchepa mphamvu, koma zala zawo zimaona. Ndinawapatsa paipi ya kopa ija. Anaiyendetsa pakati pa zala, n'kuima kuseri kwenikweni kwa nati pomwe inang'ambika.

"Aphunzitsi, iyi anakuikirani ndani?"

Ndinafotokoza.

"Injini ikakana mumatsika n'kuyenda wapansi. Mabuleki akakana amachita kukunyamulani anthu. Tichotse zonse, tiyambirenso."

Anandifotokozera kuti kopa wopanda chosakaniza amauma akamagwedezeka. Tengani waya wa kopa, mupinde uku ndi uku kangapo, muona akulimba kenako n'kuduka. M'firiji paipi imangokhala phee. Pa Land Rover yoyenda m'misewu yathu ya mabampu imanjenjemera tsiku lonse, ndipo imathyokera pomwe yagwidwa zolimba, kuseri kwa nati. Chachiwiri, mlomo womwe mnyamata uja anapanga unali wotambasula kamodzi kokha, wopyapyala ngati tsamba, ndipo wotere suloledwa pa mabuleki. Chachitatu ndi tepi ija. Apa anaseka mpaka kutsokomola. Mafuta a mabuleki satsekedwa ndi mazinga. Amatsekedwa ndi mlomo wa paipi pomwe wakhala pa mpando wake mkati mwa dzenje. Ntchito ya nati n'kungokankha mlomowo kuti ukhale zolimba. Ndiye pakamadontha, vuto ndi mlomo kapena mpando, ndipo tepi imangobisa matenda, mwinanso n'kunyotsoka tizidutswa tolowa m'mabuleki. Mukaponda buleki mwadzidzidzi, mphamvu ya m'paipimo imatha kupitirira 1,000 psi. Teyala la galimoto timalipopa 30 kapena 35.

Paipi yoyenera ilipo ya mitundu iwiri yomwe munthu wamba angaipeze. Pali yachitsulo, yofanana ndi yomwe galimoto inabwera nayo. Ndi yolimba komanso yotsika mtengo, koma imavuta kupinda, imavuta kupanga mlomo ndi chida cha pamanja, ndipo kuno kwathu dzimbiri limailondola. Ndiye pali ya kopa wosakaniza ndi nickel, magawo 90 kopa, 10 nickel, yomwe ogulitsa amaitchula Kunifer kapena Cunifer. Kampani ya Volvo inayamba kuika yotereyi m'magalimoto ake mu 1976 chifukwa cha vuto lomweli la dzimbiri. Siichita dzimbiri, imapindika ndi manja, ndipo siuma n'kuthyoka msanga ngati kopa wa m'firiji. Mtundu wake ndi wotuwirako, si wofiira ngati kopa weniweni. Mukamagula tengani maginito: akakakamira zolimba, dziwani kuti ndi chitsulo chongopakidwa kunja. Kukula kwake pa galimoto yanga ndi 3/16 ya inchi, yomwe ena amalemba 4.75 mm, ndipo imagulitsidwa mkombero wa mafiti 25. Mlamu wanga woyendetsa thiraki ya ku Dar es Salaam anandibweretsera mikombero iwiri, manati atsopano, mahosi alabala atatu, awiri akutsogolo ndi imodzi yakumbuyo, komanso flaring tool, chida chopangira milomo ya mapaipi. Mkombero wachiwiri ndinkauona ngati kuononga ndalama. Ndi umene unandiphunzitsa ntchito.

Musanamasule kalikonse, jambulani ndi foni paipi iliyonse, komwe ikuchokera, pomwe ikudutsa ndi komwe ikuthera. Ine ndinamata kapepala pa iliyonse n'kulembapo. Galimotoyo ikhale pa zitsulo zoimikira kapena zipika zolimba, osati pa jeke yokha, osatinso pa njerwa, chifukwa mukhala kunsiko masiku angapo. Manati akale amakhala atagwirana ndi dzimbiri. Ndinawathira mafuta omasulira kwa masiku awiri, ndipo okanirira ndinangodula paipi pafupi n'kuika soketi. Mapaipi akalewo musataye, ngakhale aoneke ngati zinyalala. Ndiwo akuuzeni utali, mapindidwe, mtundu wa nati ndi mtundu wa mlomo. Pomwe yakale inali itathyokathyoka, madala anandipatsa waya wa hang'ala kuti ndimupinde motsata njirayo kaye, ndiye ndikopere pa paipi.

Tsopano za mlomo, pakuti ntchito yonse yagona pamenepa.

Milomo yovomerezeka ilipo iwiri. Wina ndi wotupa ngati kamutu ka bowa, amautcha bubble flare. Wina ndi wopindikira mkati, wooneka ngati kafanelo kothirira palafini, wa makoma awiri, amautcha double flare. Simusankha nokha, dzenje ndilo limasankha. Walitsani tochi m'dzenje lomwe paipi ikalowemo. Pansi pake pakakhala polowa mkati ngati mtondo, pamafunika wotupa uja. Pakakhala kansonga kotumphukira kunja, pamafunika wopindikira mkati kuti uvale kansongako. Paipi imodzi imatha kukhala ndi mlomo wina uku, wina uko, makamaka yokakumana ndi hosi. Muone mbali zonse ziwiri.

Dulani ndi kachida kozungulira kodulira mapaipi, mukumanga pang'onopang'ono, osathamanga. Sowo imasiya mlomo wopendama ndi utuchi wachitsulo mkati. Mukadula, palani timinga ta mkati, salazani kumapeto ndi tupa kuti kukhale kolingana, ndipo pochita zimenezi paipi iloze pansi kuti zinyenyeswa zigwere panja. Kenako lowetsani nati. Ndabwereza dala: lowetsani nati, mazinga ataloza kumapeto, musanapange mlomo. Ine ndinaiwala kawiri, ndipo ulendo wachiwiri unali mlomo wokongola kuposa yonse yomwe ndinapangapo. Ndinaugwira m'manja kwa kanthawi ndisanaudule. Madala anangoti, "Aliyense amalipira sukulu imeneyi."

Chida changa ndi chotchipa chija cha zitsulo ziwiri zopanira paipi. Chimafuna vayisi, m'manja chimaterera. Paipi imatuluka pamwamba pa zitsulozo molingana ndi kakhosi ka kachitsulo kozungulira komwe kamabwera ndi chidacho. Ikatuluka kwambiri mlomo umapendama, ikachepa mlomo sukwana. Dontheza mafuta a mabuleki pansonga kuti paterere. Osati oilo, osati girisi. Mafuta a injini akalowa m'mabuleki amatupitsa malabala a m'masilinda, timapampu tokankha mabuleki. Kukanikiza koyamba, ndi kachitsulo kaja, kumapanga wotupa. Mukafuna wopindikira mkati, mumachotsa kachitsuloko n'kukanikizanso ndi nsonga yokha ya chidacho. Pachiwiripa musamange mpaka kutha mphamvu, siyani pang'ono kuti nati ikamalize yokha pa mpando.

Ndinaononga tizidutswa 11 ndisanapange mlomo womwe madala anauvomera. Amatenga kalikonse, kuyendetsa chikhadabo mozungulira, n'kuponya m'chitini osalankhula. Wina wopendama, wina wong'ambika kamzere kochepetsetsa, wina dzenje lake lakhala pambali, wina paipi inaterereka m'chida n'kukalika. Ndinkakwiya, chifukwa kwa ine yambiri inkaoneka yabwino. Pa wa 12 anati, "Eya. Pangani ina isanu yofanana ndi uwu, ndiye tikhudze galimoto." Ndikanena zoona, uphungu umenewu ndi umene ndingaupereke kwa aliyense: masana amodzi athunthu a kuononga paipi pa tebulo, galimoto musanaiyandikire.

Kupinda n'kosavuta pa Kunifer, koma musapinde ndi zala pamalo amodzi, imafwanyika, ndipo paipi yofwanyika n'njotaya. Ine ndinkazunguliza pa soketi yaikulu yomangidwa mu vayisi. Siyani kachigawo kowongoka kuseri kwa mlomo kuti nati izitha kubwerera m'mbuyo. Muyeze utali ndi chingwe motsata paipi yakale n'kuonjezerako pang'ono, pakuti yotalikirapo mumaikhotetsa pang'ono n'kukwana, pomwe yaifupi ilibe mankhwala. Pomanga, paipi idutse kutali ndi ekizozi, isakhudze chilichonse choyenda, ndipo isakhulane ndi chasisi. Ndinaika zogwirizira zokhala ndi labala pafupifupi masentimita 30 aliwonse. Mukamanga mahosi akutsogolo, khotetsani chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse, muone kuti hosi sikukokeka kapena kukhudza teyala, komanso kuti sinapotoke.

Zonsezi ndinachita bwino, ndipo ndinayamba kudzimva. Madala anadwala chimfine sabata imeneyo, inali Juni, kuzizira kwa ku Mzuzu kuja kokhala ndi mvula yowaza, ndiye ndinati ndimalize ndekha ndikawadabwitse.

Nati iliyonse imayambidwa ndi zala, sipanala imabwera pomaliza. Manati ambiri ankandivuta kuyamba, mpaka kugwedeza paipi kuti ilunjike. Koma ya ku teyala lakumbuyo kumanzere inangolowa yokha, myaa, mpaka pansi. Ndinati mwayi. Ndinamanga ndi sipanala, inagwira ndithu.

Kutulutsa mpweya, komwe amakaniko amati kubulida, ndinachita ndi mwana wanga wamkulu. Iye pampando, ine kunsi ndi kabotolo ndi kahosi koonekera mkati. "Popa! Gwira!" Ndimasula kanipo, mafuta ndi thovu zituluka, ndimanga. "Siya!" Tinayamba ndi teyala la kutali ndi master cylinder. Kutsogolo kwa 109 kuli masilinda awiri pa teyala lililonse, ndipo mpweya umakonda kubisala mmenemo, moti tinazungulira galimoto katatu. Muzisuzumira kathanki ka mafuta pafupipafupi, kakangouma mwayambiranso. Mafutawo akadonthera pa penti tsukani ndi madzi msanga, amasupula. Ndinagwiritsa ntchito DOT 4 ya m'botolo losatsegula. Mafuta amenewa amayamwa chinyezi cha mumpweya: atsopano amawira pa madigiri 230, koma akamwa madzi amatsika kufika cha m'ma 155. Munthu wotsika Chiweta kapena msewu wa ku Nkhata Bay phazi lili pa buleki, mafuta akale amamuwirira, pedulo n'kufewa. Botolo lotsegula kale lomwe lakhala pa shelefu dzinja lonse musalikhulupirire.

Pedulo italimba ndinamuuza mwana uja kuti aponde ndi mphamvu zake zonse n'kugwira osasiya.

"Adadi, ikutsika."

"Gwira bwinobwino iwe."

"Ndagwira, koma ikutsika pang'onopang'ono."

Ndinakwawa n'kuyendera polumikiza paliponse ndi kapepala koyera. Ponse pouma, kupatula kumbuyo kumanzere. Kadontho kamodzi. Ndinaika sipanala n'kuonjezera pang'ono. Kadontho kenanso. Nditaonjezeranso, ndinamva nati ikufewa m'dzanja, kufewa kuja kodziwitsa kuti mazinga akupita. Apo ndinasiya, ndipo ndimayamika Mulungu kuti ndinasiya.

Madala atachira anabwera pa kabaza atavala chijasi. Anamasula nati ija, anailowetsanso theka ndi zala, n'kuigwedeza. Inkachita gwedegwede.

"Mwamva? Nati yolowa mosavuta chonchi muziiopa."

Nkhani yake ndi iyi. Galimoto ya 1974 ili ndi mazinga a inchi, 3/8 UNF. Land Rover inasinthira ku mazinga a mamilimita, M10 x 1, cha m'ma 1980. Nthawi ina malume, kapena amene ankawakonzera, anasintha silinda ya teyala limenelo n'kuikapo ya galimoto yatsopanoko. Kunja masilindawo amafanana. Nati ya 3/8 ndi yonenepa mamilimita 9.5 ndipo ili ndi mazinga 24 pa inchi. Dzenje la M10 ndi la mamilimita 10, mazinga ake pafupifupi 25 pa inchi. Kusiyana kwake n'kochepa moti nati ya inchi imalowa m'dzenje la mamilimita mpaka pansi, imamangika, ndipo imatha kugwira mafuta masiku angapo. Koma yagwira ndi nsonga za mazinga zokha. Tsiku lomwe mwana wadumphira pamsewu n'kuponda buleki ndi mphamvu zonse, ndi tsiku lomwe imafwamphuka. Sipanala siyingakuchenjezeni, chifukwa 7/16 ndi 11 mm n'zofanana pafupifupi. Mbali inayo n'kwabwinoko: nati ya M10 m'dzenje la inchi imakana itangozungulira kamodzi kapena kawiri, ndipo wokakamiza yekha ndiye amaononga.

Chondichititsa manyazi n'chakuti umboni ndinali nawo. Paipi yakale ya teyala limenelo inali pakhonde ndi kapepala kake. Titaika nati yake pambali pa inzake ya kumanja, zinkasiyana, ndipo ngakhale mlomo wake unali wina: kuseri kwake kunali kwafulati, monga umakhalira mlomo wa manati a mamilimita, pomwe ya inchi imakhala yotsetsereka. Ndinakopera utali ndi mapindidwe, koma manati ndinangotapa m'thumba limodzi poganiza kuti galimoto imodzi, nati imodzi. Galimoto ya zaka zoposa 50 yadutsa m'manja ambiri, ndipo aliyense anaikapo chomwe anachipeza tsiku limenelo. Njira yodzitetezera ndi yachidule: khalani ndi nati imodzi ya 3/8 ndi imodzi ya M10 zomwe mukuzidziwa bwino, muyese dzenje lililonse ndi zala musanadule paipi. Yambani ndi ya M10. Ikalowa bwino mpaka pansi, dzenjelo ndi la mamilimita, ngakhale ya inchi nayonso ilowe.

Tikanatha kupanga paipi ina yokhala ndi nati ya M10, koma mazinga a silinda ndinali nditawapweteka kale, komanso madala sanafune kusiyira msampha munthu wodzakonza pambuyo pathu. Tinadikira milungu iwiri kuti mlamu abweretse masilinda awiri a inchi, tinasintha mbali zonse zakumbuyo, n'kupanga paipi yatsopano. Titabulidanso, pedulo inali yolimba koma yogwirira pansi. Ine ndimati mpweya watsala. Madala anati ayi: yofewa ngati siponji ndi mpweya, yotsika pang'onopang'ono ndi kudontha kapena malabala a master cylinder, koma yolimba yogwirira pansi ndi nsapato za mabuleki zomwe zatalikirana ndi dilamu. Anazungulira ndi sipanala n'kusendeza nsapato pa teyala lililonse, pedulo n'kukwera.

Anakhala okha pampando n'kuponda ndi miyendo yonse iwiri kwa mphindi yathunthu, ine ndikuyendera ndi kapepala. Kenako tinayesa pabwalo la mpira m'mawa kulibe ana, poyamba pa liwiro la munthu woyenda, kenako mokulirapo, kuona ngati ikukokera mbali. Galimoto inagona pa makatoni oyera usiku wonse. M'mawa munalibe dontho. Sabata yotsatira inapeza COF, chiphaso chosonyeza kuti ndi yoyenera kuyenda pamsewu.

Ulendo woyamba wautali unali wa ku Nkhata Bay, ine ndi madala. Msewu umenewo umangotsika kuchoka pamwamba pano mpaka kunyanja, ndipo anandiletsa kudalira phazi. Mabuleki a dilamu akatentha amachepa mphamvu ngakhale mapaipi akhale atsopano, ndiye pa mtsetse uliwonse ankangoti "giya, aphunzitsi", ine n'kubweza. Tinaima kawiri panjira kugwira madilamu ndi kusuzumira kunsi. Titafika padoko ndinayala chitenje cha mayi a kunyumba pansi, n'kukwawanso ndi kapepala kanga, anthu akundiyang'ana ngati wozungulira mutu. Ponse pouma.

Ndinawafunsa madala kuti ndiwalipire zingati. Anati batala awiri akuluakulu, osati ang'onoang'ono omwe ndinkawaloza. Tikukwera chitunda pobwerera, nsomba zitamangidwa kutsogolo kwa galimoto, anagwira chiwongolero ndi dzanja limodzi n'kuchigwedeza uku ndi uku, galimoto osasintha njira.

"Loweruka mubwere ndi jeke. Ichi chikuseweratu."